Batman amusiyiranji Joker wamoyo?

Chikondi wa ku Ndirande:
Abale anzanga, funso ili ndalisunga nthawi yaitali, lero mundiyankhe. Joker wapha anthu angati mu Gotham, mzinda wa Batman uja? Palibe angawerenge. Batman akamugwira amakamutula ku Arkham, chipatala chotsekera zigawenga zamisala, sipatenga nthawi watuluka, wapha ena, wagwidwa, wabwezedwa komweko. Kabwerebwere weniweni. Ndiye amene akuphedwa ulendo wachiwiri, wachitatu mpaka wachikhumi aja, mlandu wawo ndi wa ndani? Munthu anali m'manja mwako, ukudziwa kuti akangotuluka akapha, iwe n'kumati ine sindipha munthu. Kwa ine kumeneku n'kudzikonda. Batman akusamala kuti manja ake akhale oyera pamene anzake akupita kumanda.

Dalitso_Kawale:
Walankhula aise. N'chifukwa chake ine wanga ndi Punisher. Iye uja sabwereza ntchito. Galu wachiwewe sumumangirira pamtengo n'kumadikira kuti achira.

Mai a Tadala:
Mwayambapo ndi Punisher wanuyo a Dalitso. Frank Castle, Punisher yemweyo, mutu wake unasokonekera tsiku limene mkazi ndi ana ake anaphedwa iye akuona ku Central Park, ndipo sanachirepo. Si munthu woti muzimuloza kuti ngwazi ndi iyi.

Dalitso_Kawale:
Wosokonekera koma amene wawagwira sabweranso, mayi. Nanga Batman wamutu wabwinoyo wateteza ndani? Mu 1988 Joker anawombera Barbara Gordon, mwana wa Gordon mkulu wa apolisi, pakhomo pa nyumba, chipolopolo n'kuwononga msana, mtsikana uja anakhala pa njinga ya olumala zaka zoposa 20. Chaka chomwecho anamenya Jason Todd, mnyamata wothandiza Batman, ndi chitsulo n'kumusiya m'nyumba yosungira katundu momwe anatchera bomba, n'kufera momwemo. Mu 1999 anawombera m'mutu Sarah Essen, mkazi wa Gordon, ali mkati mopulumutsa makanda. Onsewa ndi anthu apafupi ndi Batman yemweyo. Osawadziwa mayina aja ndiye sitikuwawerenga n'komwe.

Amalume a ku Zomba:
Achinyamata, ndiloleni ndilowererepo, chifukwa mukukamba ngati lamulo losaphali Batman anabadwa nalo. Ayi. Pamene anayamba kutuluka mu Detective Comics nambala 27 mu 1939, ankapha ndipo sankadandaula. M'nkhani yoyambayo anamenya chigawenga china n'kugwera mu thanki ya asidi, iye n'kuona kuti zachiyenera. Mfuti ankanyamula. Mu Batman nambala 1 ya 1940 anawombera ali m'ndege galimoto yonyamula zimphona za Hugo Strange. Mkonzi wa nthawi imeneyo, Whitney Ellsworth, ndi amene anati zimenezi zithe, chifukwa owerenga ambiri anali ana ndipo makolo anali atayamba kudandaula.

Tsono chosangalatsa ndi ichi. M'buku lomwelo la 1940 ndi momwe Joker anaonekera koyamba, ndipo olemba anakonza zoti afe. Anadzibaya yekha ndi mpeni polimbana ndi Batman. Ellsworth yemwe uja anaona kuti munthu ngati ameneyu sungamutaye msanga, anawonjezera kachithunzi kumapeto koonetsa dokotala akudabwa kuti akupumabe. Ndiye munthu mmodzi yemweyo ndi amene analanda Batman mfuti komanso kudzutsa Joker. Mukafuna womuimba mlandu, yambani ndi ameneyo. Kenako mu 1954 kunabwera malamulo a Comics Code, pambuyo pa phokoso la Fredric Wertham loti makomiki akuwononga ana, Joker anasanduka wanthabwala chabe woba ndi kuseweretsa apolisi. Kupha anayambiranso mu 1973. Kwa zaka zambiri funso la Chikondili kunalibe, chifukwa panalibe chomuphera.

Chikondi wa ku Ndirande:
Zikomo amalume, mbiriyo ndiyabwino. Koma yankho loti kampani ikufuna ndalama tonse tikulidziwa. Ine ndikufunsa mkati mwa nkhanimo. Tiyerekeze kuti Gotham ndi mzinda weniweni, maliro ndi enieni. Batman akulondola?

NaBanda wa Malamulo:
Achimwene a Chikondi, tikalowa mkati mwa nkhanimo ndiye funso lanu mwalipereka kwa munthu wolakwika. Batman ndi ndani mu Gotham? Palibe anamusankha, palibe anamulemba ntchito, nkhope yake anthu sayidziwa, akalakwitsa palibe bwalo lomwe lingamuitane. Ntchito yomwe amachita ndi yogwira munthu n'kumupereka. Akamupereka pali apolisi, pali woimira boma pa milandu, pali woweruza, pali madokotala a ku Arkham, pali alonda. Onsewa ali ndi mphamvu zimene malamulo anawapatsa, ndipo onsewa ndi amene amamutaya Joker. Bwanji simukufunsa za chipatala chomwe odwala ake amatuluka ngati mulibe zitseko? Bwanji simukufunsa woweruza amene amavomera chaka ndi chaka kuti munthuyu ndi wamisala?

Pamenepa mpomwe pamandipweteka ine. Kunena kuti munthu ndi wamisala pa mlandu sikutanthauza kuti amaseka modabwitsa kapena amavala suti yofiirira. Muyeso womwe makhoti ambiri a ku America ndi Britain amatsata unachokera pa mlandu wa M'Naghten wa 1843, ndipo umafunsa ngati munthuyo pochita chinthucho ankadziwa chimene akuchita, komanso ngati ankadziwa kuti n'cholakwika. Joker amakonza mapulani miyezi, amalemba anthu ganyu, amabisala, amathawa apolisi. Amadziwa bwino kuti n'zolakwika, ndipo n'chifukwa chake zimamusangalatsa. Bwalo lenileni silingamutumize kuchipatala. Ndiye boma la Gotham likulephera ntchito yake, ife n'kumakalipira munthu wongodzipereka kuti bwanji sakukhalanso woweruza ndi wonyonga yemwe.

Dalitso_Kawale:
Achemwali, mwalankhula ngati muli kukhoti. Koma boma likalephera ulendo wa 50, munthu wanzeru amapitirizabe kulipatsa? Batman akudziwa kuti Arkham ndi chitseko chotsegula. Kumupititsa kumeneko n'chimodzimodzi kumumasula.

NaBanda wa Malamulo:
Bruce Wayne, Batman mwiniwakeyo, ndi mpondamatiki. Ngati vuto ndi chitseko, amange ndende yoti munthu sangatuluke. Anzake a Justice League, gulu la ngwazi lija, ali ndi malo kumwezi ndi kuthambo komwe. Pakati pa Arkham ndi kuthyola khosi pali njira zambiri, a Dalitso, kungoti olemba safuna kuziona.

Yamikani ku Joni:
Ndangolowa kumene, ndikuwerenga kuchokera pamwamba. Achemwali a NaBanda, nanga ija ya 1996, Joker: Devil's Advocate, mukuiona bwanji? Mmenemo boma linachita zomwe mukufunazo. Bwalo linakana zoti ndi wamisala, linamupeza wolakwa pa mlandu wopha anthu ndi masitampa a poizoni, linagamula kuti aphedwe pa mpando wamagetsi. Ndiye ndani anamupulumutsa? Batman yemweyo, chifukwa anapeza kuti pa mlandu umenewo wokha Joker sanali wolakwa. Anathamanga usiku ndi usana kufufuza mpaka anaimitsa chilango. Apa sitinganene kuti boma linalephera. Boma linali litatsiriza, Batman n'kumasula.

Chikondi wa ku Ndirande:
Eya! Ndi zimenezi ndikunena ine. Ndipo si kamodzi. Mu 2001 Nightwing, mnyamata amene Batman anamulera, anamumenya Joker mpaka mtima kuima, Batman n'kumupumira mkamwa kuti adzuke. Kusapha ndi nkhani ina, koma kudzutsa?

NaBanda wa Malamulo:
Ya masitampayo ine ndili mbali ya Batman, ndipo sindikuchita manyazi. Joker akanaphedwa pa mlandu umenewo, wopha weniweni akanatsala panja, mlandu utatsekedwa, achibale a omwalira akuganiza kuti chilungamo chachitika. Bwalo likazolowera kunena kuti uyu ngakhale sanachite ichi koma anachita zina, mawa lidzanena chimodzimodzi kwa mnyamata wakuba nkhuku. Ya Nightwing ija Batman sankapulumutsa Joker, ankapulumutsa mwana amene anamulera yekha kuti asakhale moyo wake wonse akudziwa kuti anapha munthu ndi manja.

Mai a Tadala:
Ine chimene ndimaona n'chakuti amene mukufuna kuti Batman aphe mumaganiza kuti adzapha mmodzi n'kusiya. Jason Todd atabwerako kwa akufa anafunsa zomwezo mu nkhani ya Under the Hood, kuti sakunena za Penguin kapena Riddler, akunena za mmodzi yekhayu. Batman anavomera kuti tsiku lililonse amaganiza zomupha, ndipo chomwe chimamuletsa si kuvuta kwake koma kuphweka kwake. Akudzidziwa kuti akayamba sadzasiya. Munthu amene anaona makolo ake akuwomberedwa ali mwana, amene amavala ngati mleme usiku ndi kumathyola anthu mafupa, akakuuzani kuti musandipatse chilolezo chopha, mumvereni.

Dalitso_Kawale:
Ndiye vuto ndi mutu wa Batman, osati kupha Joker. Apatse wina ntchitoyo. Gordon ali ndi mfuti ya boma.

Amalume a ku Zomba:
Gordon ndiye wokana kwambiri, mphwanga. Joker atalumaza mwana wake n'kumuzunza iye mwini kuti apenge, Gordon anauza Batman kuti amugwire motsata malamulo. Mkazi wake ataphedwa, mfuti inali m'manja, Joker ali patsogolo pake, anangomuwombera bondo. Ndipo mu Hush, 2003, Batman atatsala pang'ono kumutsiriza Joker pomukanyanga pakhosi, anamuletsa ndi Gordon, kuti ukapha ndidzakusaka ngati chigawenga china chilichonse. Pa anthu onse a mu Gotham, amene walira kwambiri chifukwa cha Joker ndi ameneyo.

Chikondi wa ku Ndirande:
Koma amalume, Gordon angakhululuke za mkazi wake, ndi ufulu wake. Sangakhululukire mayi wina amene mwana wake adzaphedwe mwezi wamawa.

Amalume a ku Zomba:
Sanakhululuke. Anakana kupha. N'zosiyana.

Tiyamike M.:
Ine sindikonda kulemba pagulu pano koma iyi yandikoka. Mukusakaniza zinthu ziwiri. Pali kupha munthu pa nthawi imene akupha wina ndipo palibe njira ina yomuletsera. Palinso kupha munthu amene wagwidwa kale, wagona pansi, chifukwa cha zimene ukuganiza kuti adzachita. Choyambacho ngakhale malamulo amalola, wapolisi amachita, munthu wamba amachita poteteza banja lake. Chachiwiricho ndi kunyonga. Chimene chimanditopetsa ndi Batman n'chakuti olemba ena amamukaniza ngakhale choyambacho, amamupezera nthawi zonse kachingwe kapena kampeni koponya kuti asafike posankha. Pamenepo ndiye ndimagwirizana ndi a Chikondi kuti ndi bodza. Koma zoti apite ku Arkham usiku akamutsirize Joker m'chitokosi, ayi.

Chitsanzo chabwino ndi Wonder Woman mu 2005. Maxwell Lord anali atalanda maganizo a Superman, ndipo Superman anali atamenya kale Batman mpaka kutsala pang'ono kufa. Diana, Wonder Woman yemweyo, anamumanga Lord ndi chingwe chake chija chokakamiza munthu kunena zoona, n'kumufunsa kuti Superman angamasuke bwanji. Lord anayankha kuti pokhapokha iye atafa. Diana anamuthyola khosi pomwepo. Sanakondwere, sanabise, sanapepesenso. Superman ndi Batman anamutembenukira msana, koma onse awiri anali moyo chifukwa cha iye.

Yamikani ku Joni:
Achemwali a Tiyamike, chitsanzo chanucho chikukutsutsani. Lord anali womangidwa. Mwa muyeso wanu womwewo, kumeneko ndi kunyonga.

Tiyamike M.:
Manja anali omangidwa koma chida chake sichinali m'manja, achimwene. Chida chinali Superman, ndipo akanatha kuchidzutsa nthawi iliyonse ndi maganizo okha. Joker akamangidwa, wamangidwa. Lord ngakhale m'ndende akanakhala ndi Superman m'thumba.

Dalitso_Kawale:
Joker akamangidwa wamangidwa? Kikiki. Mwawerenga makomiki ake ati achemwali?

NaBanda wa Malamulo:
Pali chinanso chomwe owerenga timaiwala. Ife timaona chilichonse. Wojambula amationetsa Joker akuwombera, timawerenga ngakhale zimene akuganiza. N'chifukwa chake kunena kuti aphedwe sikutivuta. Munthu wa mumsewu wa Gotham saona zimenezo. Iye amangomva kuti munthu wovala chigoba wapha wina usiku ndipo akuti anali woipa. Mumzinda momwe muli Clayface wotha kusanduka nkhope ya aliyense, momwe Mad Hatter amalamulira maganizo a anthu, momwe Joker amaveka anthu ogwidwa zovala za zigawenga zake, kutsimikiza kumeneko mukuchotsa kuti? Ife kwathu kuno tinaona mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu akuphedwa ndi gulu powaganizira kuti ndi anamapopa. Amene ankaponya miyala aja sankadziona ngati zigawenga. Ankati boma lalephera, tikuteteza ana athu, ndipo anali otsimikiza.

Chikondi wa ku Ndirande:
Apo ndiye mwapita patali achemwali. Anthu amene aja anali osalakwa. Joker amajambulitsa yekha pa TV akupha.

NaBanda wa Malamulo:
Joker inde. Koma lamulo silipangidwira munthu mmodzi. Mukalola kuti wovala chigoba aziphera amene watsimikiza, mwalola ovala zigoba onse, ndi otsimikiza molakwika omwe.

Amalume a ku Zomba:
Zimenezi Mark Waid ndi Alex Ross anazilemba kale mu Kingdom Come mu 1996, ndipo ndi buku limene ndimauza aliyense wofunsa funso ili kuti awerenge. Joker apha anthu ku nyuzipepala ya Daily Planet, Lois Lane, mkazi wa Superman, ali m'gulumo. Apolisi amugwira, akupita naye, ngwazi ina yatsopano dzina lake Magog itulukira n'kumupha pamaso pa anthu. Superman, mwini maliro, ndi amene akokera Magog kukhoti. Bwalo limumasula, anthu amuombera m'manja, Superman aona kuti dziko lasankha ndipo achoka. Zaka khumi zotsatira ngwazi zatsopano zonse zitengera Magog, kumenyana m'misewu osasamala amene ali pafupi. Mapeto ake Magog yemweyo, pothamangitsa chigawenga Parasite amene anali akupempha kale chifundo, achititsa kuti Captain Atom, ngwazi yodzaza mphamvu za nyukiliya, aphulike, Kansas yonse ipsa, anthu pafupifupi miliyoni imodzi afa. Chimene ndimakonda m'bukuli n'chakuti silinena kuti Joker sanayenere kufa. Likufunsa kuti anthu ataombera m'manja, anaphunzitsa chiyani ana amene ankaonerera.

Dalitso_Kawale:
Madala, nkhani zimenezo amazilemba dala kuti atiopseze. Injustice chimodzimodzi: Superman wapha Joker, mawa wasanduka wolamulira wankhanza dziko lonse. Ina ija ya 2017 ndiye yoseketsa, Batman wapha Joker ndiye mumtembo mukutuluka mpweya womusandutsa Joker wina. Olemba akuika chala pasikelo. Munthu angathe kupha chigawenga chimodzi n'kukhalabe munthu. Asilikali amabwera kunkhondo n'kumalera ana awo bwinobwino. Captain America anamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mukuganiza ankangowagwira?

Mai a Tadala:
Apa pokha ndikuvomerezani a Dalitso, ija ya mpweya ndi chinyengo cha olemba. Koma msilikali ali ndi wamkulu wake, ali ndi yunifolomu, nkhondo ikatha amabweza mfuti. Punisher wanu amabweza kwa ndani? Ndipo onani zomwe zachitika ndi chizindikiro chake cha chibade chija. Apolisi ena ku America anayamba kuchimata pa magalimoto awo. Gerry Conway, amene anamuyambitsa mu 1974 ngati mdani wa Spider-Man, anadzudzula poyera, ndipo mu 2019 Marvel inatulutsa nkhani yomwe Frank mwiniwake akung'amba chizindikirocho pa galimoto ya apolisi. Zimene timaombera m'manja m'mabuku zimatuluka m'mabukumo.

Yamikani ku Joni:
Ine amene amandimvetsa chisoni ndi Daredevil. Mu 1981 mdani wake Bullseye anakomoka pa njanji, sitima ikubwera, Daredevil akanangochokapo osachita kanthu. Anamukoka. Chaka chotsatira Bullseye anapha Elektra. Mu 1999 anapha Karen Page. Akazi awiri amene Matt Murdock, Daredevil yemweyo, anawakonda, munthu mmodzi yemwe iye anamupulumutsa ndi manja ake. Ndipo ndi loya, ndi Mkatolika, ndiye zonse ziwiri zimamudya. Potsiriza mu 2010 anamupha Bullseye. Mukudziwa chinachitika? Anabweranso.

Chikondi wa ku Ndirande:
Kikiki ndiye palibe phindu.

Amalume a ku Zomba:
Mwafika pomwe ndinayambira. Green Goblin, mdani wa Spider-Man, anafa mu 1973 atabayidwa ndi chombo chake chomwe, anabwera mu 1996. Carnage anang'ambidwa pakati ndi Sentry kuthambo, anabwera. Jason Todd amene, owerenga ndiwo anamupha: kampani ya DC inatsegula manambala awiri a foni, anthu 5,343 anavota kuti afe, 5,271 kuti akhale, kusiyana mavoti 72 okha. Nayenso anabwera. M'dziko limenelo manda ndi Arkham n'chimodzimodzi. Batman akati aphe lero, adzakhala wakupha mpaka kalekale, Joker adzakhala wakufa miyezi 18.

Tiyamike M.:
Ndiye amalume mukuona kuti vuto lenileni ndi kukula kwa milandu? Joker wakuba miyala yamtengo wapatali n'kupha anthu awiri atatu, kumubweza kundende kumamveka. Koma wolemba aliyense watsopano amafuna kuposa mnzake, uyu wapha sukulu yonse, uyu wathira poizoni mzinda wonse. Akakweza chonchi, lamulo la Batman limaoneka lopusa, pamene lamulolo silinasinthe. Anasintha ndi Joker. Atamuchepetsa, kapena atamusowetsa zaka zisanu osamutulutsa, mkangano uno sukanakhalapo.

Chikondi wa ku Ndirande:
Mwina. Komabe ine sindinasunthe kwenikweni. Ndavomera kuti asakamuphere m'chitokosi, achemwali a NaBanda andigonjetsa pamenepo. Koma tsiku limene Joker wagwa yekha kuchokera pamwamba pa nyumba, Batman asaponye chingwe. Mufilimu ya 2005 anamusiya mdani wake Ra's al Ghul m'sitima ikukagwa, mu 2008 n'kumuwakha Joker ali m'malere. Kusankha kumeneko ndiye sindikumvetsa.

NaBanda wa Malamulo:
Mu 2008 anamuponya yekha, achimwene. Akanapanda kumuwakha ndiye kuti wapha. Ya sitimayo ndi imene ili ndi vuto, chifukwa amene anakonza zoti njanji igumulidwe ndi iye yemwe, kenako n'kumati sindinakuphe. Kukhoti ndingamupeze wolakwa pa ya 2005, osati ya 2008.

Dalitso_Kawale:
Ndiye kuti Batman wanu wosapha uja ali ndi mlandu wakupha, pamene Joker mukumufunira ndende yabwino. Maloya inu.

NaBanda wa Malamulo:
Onse awiri akaonekere kukhoti, a Dalitso. Wanu Punisher ndiye fayilo yake sindinganyamule ndekha.

Mai a Tadala:
Amalume, Kingdom Come ija muli nayo yapepala kapena ya pafoni? Tadala akutseka sukulu Lachisanu, ndikufuna ndiyambe ndawerenga ine ndisanamupatse.

Amalume a ku Zomba:
Yapepala, mayi. Koma amene anabwereka Daredevil wanga chaka chatha ali pagulu pompano ndipo akuwerenga mwakachetechete. Abweze kaye ameneyo.